Mphunzitsi wa kiyibodi woyendera sukulu ku Mchinji

Mphunzitsi wa kiyibodi woyendera sukulu sakhala wolembedwa pa sukulu imodzi. Amafika pa tsiku lopangana, kawirikawiri kamodzi pa sabata, n'kuphunzitsa kagulu ka ana kwa ola limodzi kapena awiri, mawa lake ali kwina. Ku Britain ntchitoyi ndi yakale ndipo ili ndi maofesi oiyendetsa. Kuno kwathu imayenda mwa kumvana kwa mwini kiyibodi, mphunzitsi wamkulu ndi makolo.

Mpata wa munthu wotere ulipo chifukwa cha momwe nyimbo zimaphunzitsidwira ku pulayimale. Mu silabasi yochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, nyimbo zili m'phunziro la Expressive Arts pamodzi ndi magule, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi amadzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi amasenza maphunziro ambiri. Ng'oma ndi maseche zimapezeka, koma kiyibodi kusukulu ana ambiri amangoiona pa chithunzi cha m'buku, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB amayankha za nyimbo ndi cholembera basi.

Ku Mchinji kiyibodi kwawo ndi kutchalitchi. Maparishi a Katolika monga Ludzi ndi Guilleme, mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Nkhoma ndi mipingo ya Chipentekoste ali ndi makwaya, ndipo oimba limba ambiri anaphunzirira momwemo, poyang'ana zala za amene anawatsogolera. Ofuna maphunziro ozama amapita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, kumene kuli Music Crossroads. Sukulu za m'mbali mwa msewuwu, monga za ku Kamwendo ndi ku Walilanji, mphunzitsi amazifika pa minibasi. Zamkati, cha ku Mkanda, zimafuna njinga yamoto ya kabaza, kiyibodi itakulungidwa bwino poopa fumbi la m'chilimwe ndi mvula ya m'dzinja.

Asanayambe, amakhala pansi ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu kugwirizana za tsiku, chipinda, malipiro ndi ana olowa m'gululo. Nthawi yabwino ndi ana akaweruka. Popeza iye ndi mlendo pakati pa ana a eni, mphunzitsi mmodzi wa pasukulupo azikhala nawo m'chipindamo nthawi zonse.

Kiyibodi yoyenda nayo nthawi zambiri imakhala ya Yamaha kapena Casio ya makiyi 61, pamene piyano ili ndi 88. Kumene magetsi a ESCOM sanafike, ambiri mwa makiyibodi amenewa amalira ndi mabatire 6 ang'onoang'ono, ngakhale satenga nthawi kutha. Batire yotchajidwa ndi sola imathandiza kwambiri, bola mphamvu yake igwirizane ndi yolembedwa kumbuyo kwa kiyibodiyo.

Phunziro loyamba limayambira pa makiyi akuda, amene anaikidwa awiri, atatu, awiri, atatu mpaka kumapeto. Mwana akaona kakonzedwe kameneka amadzipezera yekha C, kiyi yoyera ya kumanzere kwa awiri akuda. Zala zimapatsidwa manambala, chachikulu 1 mpaka chaching'ono 5, ndipo dzanja lamanja limayenda kuchoka pa C kufika pa G, chala chilichonse pa kiyi yake. Apa ana a kwaya amathamanga, chifukwa do, re, mi anazimva kale, ndipo khutu lawo limagwira msanga mawu akasokonekera. Mphunzitsi wanzeru amayamba ndi nyimbo imene anawo amaidziwa, aiimbe ndi pakamwa kenako aifunefune pa makiyi. Dzanja lamanzere limabwera pambuyo ndi makodi (makiyi angapo ogundidwa pamodzi) atatu, C, F ndi G, amene amanyamula nyimbo zambiri za kutchalitchi ndi za pa wayilesi.

Pali mabatani awiri amene amanyenga wophunzira. Lina limaliza ng'oma ndi besi lokha munthu akangogunda kiyi imodzi, moti mwana amamveka ngati katswiri asanadziwe kusunga yekha liwiro la nyimbo. Lina ndi la transpose, lokweza kapena kutsitsa mawu zala zisanasunthe. Oimba ambiri anakulira pa batani limeneli ndipo amadziwa kuimba mu kiyi imodzi yokha. Akapatsidwa piyano kapena kwaya ikasintha kiyi pakati pa nyimbo, manja amauma. N'chifukwa chake ndi bwino mwana akazolowera C asamukire ku G ndi ku F, zimene iliyonse imangofuna kiyi yakuda imodzi, ndipo kuwerenga manotsi a pa mizere isanu kulowe pang'onopang'ono.

Chovuta chachikulu n'chakuti chida ndi chimodzi, ana ndi ambiri. Awiri angathe kukhala pa kiyibodi nthawi imodzi, wina kumunsi wina kumtunda, enawo akuyeserera pa makiyi ojambulidwa pa katoni mu saizi yeniyeni, akuimba manotsi ndi pakamwa. Gulu likapitirira ana 10, aliyense amangokhudzako mphindi zochepa.

Masiku otsala a sabata mwana amakhala wopanda choyeserera, ndipo m'boma lolima fodya, mtedza ndi soya ngati ili, nyengo ya ntchito zakumunda imachepetsanso obwera. Kumene mpingo wapafupi umalola ana kugwira kiyibodi yake pakati pa sabata, woyang'anira alipo, zala sizichedwa kukhwima. Zimathandizanso mphunzitsi wa pasukulupo amene amakhala nawo m'chipinda uja akamaphunzira limodzi ndi anawo, kuti woyenderayo akalephera kubwera kapena akasamuka, pakhale wowakumbutsa zimene anasiyira.