Tirigu wa ku Tsangano ndi funso la amene anamanga mapiramidi

Tirigu ndi mbewu imene mlimi wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, angathe kukambirana ndi mlimi wa ku Egypt wa zaka 4,500 zapitazo n'kumvana bwinobwino. Kumapiri a Kirk Range kuno, kumene anthu ambiri amakudziwa chifukwa cha mbatatesi ndi kabichi, tirigu amafesedwa mvula ikamapita kumapeto, ndipo amakula ndi chinyezi chotsalira m'nthaka, nkhungu komanso kuzizira. Tirigu wambiri amene Amalawi amadya amachokera kunja, choncho buledi akakwera mtengo m'tauni, dzina la Tsangano limayamba kutchulidwatchulidwa.

Ntchito yeniyeni imaoneka nyengo yokolola. Pakhomo lina kufupi ndi malire a Mozambique, mayi wachikulire wayala mitolo ya ngala pabwalo lozira, ndipo akuipuntha ndi ndodo, mpango ataukulunga kukamwa poopa fumbi. Akatopa amakhala pansi, miyendo ataitambasula, n'kutenga lichero. Amadikira kamphepo ka kumapiri kadutse, kenaka amaponya tirigu m'mwamba. Mankhusu amauluka n'kukagwera pa nkhuku zimene zikudikira chapatali, maso a tirigu n'kubwerera m'lichero ndi kaphokoso konga mvula yowaza padenga la malata. Chomaliza, chimene chimadya nthawi kuposa zonse, ndi kusankha timiyala ndi zala, kamodzikamodzi, mutu uli chowerama mpaka dzuwa kupendeka.

Zithunzi zojambulidwa m'makoma a manda a ku Egypt zimaonetsa ntchito yomweyi. Mtsinje wa Nile unkasefukira kuyambira cha mu Julaye, n'kusiya matope akuda m'minda. Madzi akaphwa, cha mu Novembala, anthu ankafesa barele ndi mtundu wa tirigu wotchedwa emmer, n'kudzakolola pakati pa Malichi ndi Meyi. Ankadula ngala ndi zenga lamtengo lokhala ndi mano a mwala, ng'ombe kapena abulu n'kupondaponda mitoloyo, kenaka n'kupeta. Tirigu wawoyu anali wamakoko ouma, choncho ankayamba wamusinja mumtondo asanamupere. Timafano tambiri topezeka m'manda ndi ta mkazi atagwada pa mphero, manja onse ali pa mwana wa mphero. Mu ufa umenewu munkachokera buledi, ndipo mowa wawo unali wolemera, wokhutitsa, wofanana ndi masese kusiyana ndi mowa wa m'mabotolo. Ndalama zachitsulo kunalibe. Malipiro anali mbewu, buledi ndi mowa.

Apa ndi pamene pagona mkangano umene sutha m'makalasi ngakhale m'mipingo: kodi anamanga mapiramidi anali akapolo? Ambiri amayankha kuti inde, pokumbukira nkhani ya m'buku la Eksodo. Koma nkhani imeneyo imanena za kuumba njerwa ndi kumanga mizinda yosungiramo zinthu, osati mapiramidi. Piramidi yaikulu ya ku Giza ndi yamiyala, pafupifupi 2.3 miliyoni, inali yotalika mamita 146, ndipo inamangidwa cha m'ma 2560 Yesu asanabadwe. Mlembi wina wachigiriki, amene anakafika kumeneko patapita zaka zoposa 2,000, analemba kuti pankagwira ntchito anthu 100,000 nthawi imodzi, mosinthana miyezi itatuitatu. Akatswiri ofukula zakale masiku ano amati chiwerengerocho chinali pakati pa 20,000 ndi 30,000.

Mu 1990, pafupi ndi mapiramidiwo panapezeka manda a antchito. Anthuwa anaikidwa mwaulemu, ena m'manda olembedwa maudindo awo, pamalo oyang'anizana ndi manda a Farao. Kufupi komweko kunafukulidwa mudzi wawo: nyumba zophikira buledi zokhala ndi zikombole zadothi zikuluzikulu, mosungira mbewu, ndi milu ya mafupa a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi. Mafupa a anthuwo amaonetsa misana yotheratu ndi katundu, komanso mikono ndi miyendo yothyoka imene wina anaiwongola bwino mpaka inapola. Mu 2013, ku Wadi al-Jarf m'mbali mwa Red Sea, kunapezeka mipukutu ya gumbwa yolembedwa ndi kapitawo wa gulu limene linkanyamula miyala pa ngalawa kuchokera ku Tura kupita ku Giza, tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi kaundula wa chakudya chimene ankalandira.

Ena akamva zimenezi amafulumira kunena kuti basi, anali antchito aufulu, olipidwa, okondwa. Mmalawi sayenera kuthamangira kumeneko, chifukwa ali ndi mawu ake ofotokoza chinthu chapakati: thangata. Poyamba mawuwa ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, koma m'nthawi ya atsamunda, m'minda ikuluikulu ya kumapiri a Shire, anasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Munthu wa pathangata sanagulidwe pamsika, anali ndi banja ndi kamunda kake, koma kukana kunalibe. Ku Egypt nakonso, pambali pa amisiri okhazikika, boma linkaitana alimi m'midzi kuti akagwire ntchito ya mfumu kwa kanthawi, ndipo wothawa ankalangidwa, nthawi zina abale ake n'kugwidwa m'malo mwake. Kudyetsedwa nyama ndi kumangidwa bala sikufafaniza mfundo imeneyi. Kunena kuti anali akapolo n'kulakwa, komanso kunena kuti anapita mwa kufuna kwawo n'kuwonjeza.

Amisiri okhazikika anali ndi mawu ndithu. Patapita zaka zoposa 1,000 piramidi ya ku Giza itamangidwa, m'mudzi wa Deir el-Medina, kumene kunkakhala osema manda a mafumu, wantchito ankalandira matumba anayi a tirigu ndi thumba limodzi ndi theka la barele pamwezi. Cha m'ma 1150 Yesu asanabadwe, mbewuzi zitachedwa kufika, amisiriwo anasiya zida, n'kukakhala pansi pa akachisi mpaka akuluakulu anawapatsa gawo la malipiro awo. Imeneyi ndi imodzi mwa sitalaka zakale kwambiri zimene zinalembedwa, ndipo chinaiyambitsa ndi nkhokwe.

Mitembo yokonzedwa ya ku Egypt imasonyezanso kanthu kena kakang'ono. Ambiri, olemera ndi osauka omwe, mano awo ndi operepeseka kwambiri, ena mpaka kutupa nkhama, chifukwa mchenga wa m'chipululu ndi tizidutswa ta mphero zinkalowa mu ufa. Ku Tsangano tirigu masiku ano amapita kuchigayo kapena kwa ogula, koma mayi uja samanga thumba asanalowetse dzanja m'lichero komaliza, n'kuponya timiyala tiwiri titatu kumphepete kwa bwalo.