Pulotirakita Yosinthika: Kusankha ndi Kugwiritsa Ntchito pa Matabwa

Pulotirakita yosinthika ndi chida choyezera ngodya. Ili ndi mbali ziwiri: thunthu lolembedwa madigiri, ndi mkono wachitsulo umene umazungulira pa msomali wapakati n'kumangidwa ndi nati pamene mmisiri wafuna. Ndi mbale wake wa kapulasitiki kaja ka m'bokosi la masamu kusukulu, koma kapulasitikiko kanapangidwira pepala. Pa thabwa pamafunika chida chotsamira m'mphepete, chogwira ngodya osaitaya mpaka itajambulidwa. Sikweya imene kalipentala aliyense ali nayo imapereka madigiri 90 okha, zina n'kuwonjezerapo 45. Koma msana wa mpando wopendekera kumbuyo, miyendo ya tebulo yotangadza, mitanda ya denga ndi shelefu yolowa pakona ya nyumba yosawongoka, zonsezi sikweya siithandiza.

Mzere wozungulira umagawidwa madigiri 360, ndipo digiri iliyonse imagawidwanso timagawo 60 totchedwa mphindi. Kawerengedwe aka kanachokera kwa anthu a ku Babulo wakale, amene ankawerenga m'magulu a 60. Digiri imodzi imaoneka ngati kanthu kochepa, koma imakula ndi kutalika kwa thabwa: mzere wophonya digiri imodzi umakhala utapatuka mamilimita pafupifupi 17 ukafika mita imodzi. Pa chitseko, mpata wotere umalowetsa chala.

Zida za mtundu uwu zilipo zingapo. Yofala kwambiri ndi yachitsulo yokhala ngati theka la mwezi, yolembedwa kuyambira 0 mpaka 180, ndipo pa ntchito zambiri za mipando ndi makabati imakwanira. Ina imabwera ngati mutu wolowetsa pa rula ya sikweya yophatikiza, chida chimene Laroy Starrett wa ku America anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Kampani yake inayamba mu 1880 ku Athol, m'chigawo cha Massachusetts. Palinso yokhala ndi kamzere kachiwiri ka manambala kotchedwa vernier, kuchokera ku dzina la Pierre Vernier wa ku France amene anafotokoza njirayi mu 1631. Imeneyi imawerenga mpaka mphindi 5, koma kunena zoona ndi ya amisiri a zitsulo. Thabwa limatupa dzinja n'kufota chilimwe, choncho kulipira ndalama zambiri pofuna mphindi 5 pa thabwa la paini losauma bwino n'kutaya ndalama. Zamakono zoyendera batire zimaonetsa manambala pa kagalasi, nthawi zambiri mpaka 0.1 ya digiri, ndipo zimathandiza amene maso ayamba kufooka, bola batire lisathe ntchito ili pakati.

Pali chida china chimene anthu amachisokoneza ndi pulotirakita, chomwe ndi bevulo. Bevulo ili ndi mkono wosuntha koma ilibe manambala. Ntchito yake ndi kukopera ngodya pamalo ena n'kukaiika pena. Amisiri ambiri amagwiritsa ntchito ziwirizi limodzi: amatchera ngodya pa pulotirakita, kuisamutsira pa bevulo, kenako pulotirakitayo n'kuisunga kutali ndi utuchi.

Pogula, choyamba kuyang'ana ndi nati yomangira. Mkono ukamangidwa usagwedere ngakhale pang'ono, komanso usasunthe pa nthawi imene natiyo ikuthinitsidwa. Zida zotchipa zambiri zimagwa apa: munthu watchera 30, pomanga nati mkono n'kukwawira pa 31. Manambala akhale ogoba m'chitsulo, chifukwa opaka utoto amafufutika ndi thukuta la m'manja. Chitsulo chosachita dzimbiri n'chabwino m'mashedi amene mvula imawaza. Mkono wa masentimita 15 umakwanira pa mafelemu ndi madirowa, koma mmisiri wa matabwa otambalala afunefune wa masentimita 30.

Chidacho chiyesedwe chisanalipiridwe, ndipo kuyesako sikutenga nthawi. Pamafunika thabwa la m'mphepete mowongoka bwino. Pulotirakita imatcheredwa pa 90, kutsamizidwa m'mphepetemo, n'kujambula mzere. Kenako imatembenuzidwa kuti thunthu liloze mbali inayo, n'kujambulanso mzere kuchokera pa kadontho komweko. Mizere iwiriyo ikagona pamodzi, chidacho n'cholondola. Ikatangadza, theka la mpata umenewo ndiwo mulingo wa bodza lake. Kuyesa kumeneku kubwerezedwe nthawi iliyonse chida chikagwa pansi.

Pa ntchito yeniyeni, ngodya iliyonse imayezedwa kuchokera m'mphepete mwa thabwa, choncho m'mphepetemo muyambe mwapalidwa ndi pulena mpaka muwongoke. Thabwa lochokera kwa ocheka, lokhala ndi manthumanthu a sowo, limanamiza chida ngakhale chodula. Kautuchi kamodzi kopanikizika pakati pa thunthu ndi thabwa kamakwezanso mkono. Powerenga, diso likhale pamwamba penipeni pa kamzere. Kuyang'anira chammbali kumasuntha nambala. Pensulo ikhale yosongoka, ndipo pa mitengo yolimba ngati mlombwa ndi mbawa nsonga ya mpeni imajambula mzere woonda kuposa pensulo, umene tchizulo imatha kukhalamo bwino. Mapulotirakita ambiri ali ndi mizere iwiri ya manambala yoyenda mosemphana, moti pamalo amodzi pamalembedwa 60 ndi 120. Kusankha yoyenera n'kosavuta: ngodya yopanikizika kuposa sikweya ili pansi pa 90, yotambasuka ili pamwamba pake.

Pamene matabwa ambiri amawonongekera ndi pa kusiyana kwa nambala yoyezedwa ndi nambala yodulira. Matabwa awiri okumana pakona amagawana ngodyayo pakati, aliyense theka. Pa felemu ya chithunzi kona ndi 90, thabwa lililonse 45. Koma makoma a nyumba zambiri sakumana pa 90 ndendende. Ngati kona yayezedwa n'kupezeka 94, thabwa lililonse likhale ndi nsonga ya 47. Vuto limabwera pa sowo yamagetsi yodulira ngodya, chifukwa makina amenewa amalemba 0 pamene akudula mowongoka, pomwe pulotirakita ikanawerenga 90. Motero nambala yotchera pa makina imapezeka pochotsa 47 pa 90, kutsala 43. Pa kona ya 90 cholakwikachi sichioneka popeza 45 ndi 45 n'zofanana, n'chifukwa chake mmisiri amatha zaka asanachizindikire, mpaka tsiku limene wapatsidwa kona yopotoka.

Pa zinthu za mbali zambiri zofanana, monga tebulo kapena felemu ya galasi, nambala ya pa makina imapezeka pogawa 180 ndi chiwerengero cha mbali. Cha mbali 6 chimafuna 30, cha mbali 8 chimafuna 22.5. Apa kuphonya kumaunjikana. Felemu ya mbali 8 ili ndi malo odula 16, ndiye kuphonya theka la digiri pa malo alionse kumasonkhana kukhala madigiri 8 pa mfundo yomaliza, mpata umene guluu wosakaniza ndi utuchi sangaubise. Mmisiri wosamala amayamba wadula tizidutswa totsala, kutiyala pabenchi kuona ngati tatsekana, ndipo pambuyo pake ndi pamene amakhudza thabwa la kasitomala.

Chidachi chimagwiranso ntchito zina zing'onozing'ono. Mano olumikizira madirowa, opendekera ngati mchira wa nkhunda, amajambulidwa pafupifupi madigiri 9.5 pa mitengo yofewa ndi 7 pa yolimba. Tchizulo ndi mpeni wa pulena kawirikawiri zimapalidwa pa 25 n'kunoledwa pa 30, ndipo pulotirakita imaonetsa ngati wonola wayamba kupendeka dzanja.

Kasungidwe kake n'kophweka. Ikatha ntchito ipukutidwe, nati ikhwefulidwe pang'ono, ndipo pa msomali wapakati padonthezedwe mafuta a makina. Isaponyedwe m'bokosi limodzi ndi hamala ndi misomali, chifukwa mkono ukapindika suwongokanso bwino. Ikhale ndi kathumba kake kapena msomali wake pakhoma.