Nyale ya TRC Ikayaka: Tanthauzo Lake ndi Zoyenera Kucita

Magalimoto ambiri amene ayenda m'miseu ya dziko la Zambia ndi aja ogwiritsidwapo kale nchito ocokera ku Japan, amene amalowa pa cipata ca Nakonde kucokera ku doko la Dar es Salaam. Ambiri a iwo ali ndi kanyale kacikasu kutsogolo kwa woyendetsa, koonetsa cithunzi ca galimoto ndi mizere iwiri yokhotakhota pansi pake. Kanyale aka kakayaka, oyendetsa ena amacita mantha, pamene ena amangokanyalanyaza cifukwa galimoto ikali kuyenda bwino.

Nyale imeneyi ndi ya makina oletsa mawilo kuterereka. Kampani ya Toyota imawacha TRC, ndipo inayamba kuwaika mu galimoto ya Crown mu 1987. Amagwira nchito pamodzi ndi makina ena othandiza kuti galimoto isapatuke pokhota, amene Toyota imawacha VSC, Honda imawacha VSA, Nissan imawacha VDC, pamene Mercedes-Benz, imene inawatulutsa pamodzi ndi kampani ya Bosch mu 1995, imawacha ESP.

Pa wilo iliyonse pali kacipangizo kowerenga liwiro, kamene amakanika amakacha sensa. Kompyuta ya galimoto imayerekezera liwiro la mawilo onse anai. Ikaona kuti wilo imodzi izungulira kwambiri kupambana zinzake, imagwira buleki pa wilo imeneyo kapena kucepetsa mphamvu ya injini. Masensa omwewo ndiwo amagwiritsidwanso nchito ndi mabuleki a ABS.

Coyamba cimene woyendetsa afunika kuona ndi mmene nyaleyo iyakira. Ngati iyaka poliza injini ndi kuzima patapita masekondi ocepa, palibe vuto, kompyuta ikungodziyesa. Ngati ithwanima pamene galimoto ili pa matope, pa mcenga kapena pa tala yonyowa, ndiye kuti makinawo ali pa nchito, ndipo woyendetsa ayenera kucepetsa liwiro. Koma ngati iyaka osazima pa mseu wouma, ndiye kuti makinawo azimitsidwa kapena aonongeka.

Asanapite ku galaji, mwini galimoto angathe kuyang'ana zinthu zingapo. Magalimoto ambiri ali ndi batani lozimitsira makinawa, ndipo nthawi zina limadinidwa mwangozi. Kulidinanso, kapena kuzimitsa injini ndi kuilizanso, kumabwezeretsa zinthu m'malo mwake. Batani limeneli ndi lothandiza pamene galimoto yatitimira m'matope ndipo mawilo afunika kuzungulira momasuka, koma ikatuluka makinawo ayenera kuyatsidwanso.

Caciwiri ndi matayala. Anthu ambiri amagula tayala imodzi imodzi yogwiritsidwapo kale nchito, mosayang'ana manambala olembedwa m'mbali mwake. Tayala yaing'ono imazungulira mofulumira kupambana yaikulu, motero kompyuta imaganiza kuti wilo iterereka. Zimenezi zimacitikanso ngati mpweya wacepa kwambiri mu tayala imodzi, kapena ngati paikidwa kasipeya kakang'ono.

Cacitatu ndi batire. Batire yatsopano bwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikalira mphamvu imakwera kufika pafupifupi 14. Mphamvu ikatsika kwambiri, kompyuta imasokonezeka ndi kuyatsa nyale zosiyanasiyana.

Ngati zonsezi zili bwino, kawirikawiri vuto limakhala pa sensa ya pa wilo. Matope ndi tizidutswa ta citsulo timamatirira kumutu kwake, maenje a mu mseu amadula kapena kumasula nthambo yake, ndipo beringi yotha imasokoneza kawerengedwe kake. Sensa ya pa ciwongolero nayonso imafuna kuikonzanso pambuyo poongola mawilo. Pa magalimoto ambiri a Toyota, vuto la mu injini limene layatsa nyale ya injini limazimitsanso TRC ndi VSC. Zikatero cofunika kukonza ndi injini, osati mawilo.

Njira yodalirika ndiyo kulumikiza makina owerengera zolakwika pa soketi ya mapini 16 imene ili pansi pa ciwongolero. Mwacitsanzo, pa Toyota nambala ya C0200 imaloza sensa ya wilo ya kutsogolo kumanja, pamene C0205 imaloza ya kutsogolo kumanzere. Makina ena ochipa amawerenga za injini cabe, conco mwini galimoto afunse ngati amene ali pa galajiyo amawerenganso za ABS. Kugula zipangizo mongoganizira kumataitsa ndalama, pamene mwina vuto linali nthambo imodzi yoduka.

Nyale ya TRC ikayaka yokha, mabuleki amagwirabe monga mwa masiku onse, ndipo galimoto ingayendetsedwe mosamala kupita kwa makanika. Ikayaka pamodzi ndi ya ABS, mawilo angathe kumangika pogwira buleki mwadzidzidzi. Koma ikayaka pamodzi ndi nyale yofiira ya mabuleki pamene handibuleki ili yotsitsa, woyendetsa aime pamalo abwino ndi kuyang'ana mafuta a mabuleki asanapitirize ulendo.

Pali ena amene amacotsa babu kapena kuphimba nyaleyo kuti agulitse galimoto mosavuta. Wogula angazindikire cinyengo cimeneci mwa kutembenuza kiyi: nyale ikapanda kuyaka ngakhale pang'ono injini isanalire, ndiye kuti pali cobisika.

Nyengo ya mvula, kuyambira mu November kufika mu April, ndiyo nthawi imene makina amenewa amafunika kwambiri, makamaka pa malo okhotakhota monga mapiri a Manenekela pa mseu wa Great East wopita ku Chipata. Galimoto imene nyale yake iyaka osazima imafika pa malo otere ilibe citetezo cimeneci, ndiye cifukwa cake vutolo liyenera kukonzedwa ulendo usanayambe.