Kodi Mtengo wa Madzi Amauika Ndani?

Amene tinakulira m'mphepete mwa nyanja, ku Mangochi, Salima kapena ku Nkhotakota, timadabwa tikamva kuti madzi ali ndi mtengo. Koma tikaima pa Manjawira, kum'mwera kwa boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1, timaona zina. Kumeneko kulibe nyanja yoti mayi angopita kukatunga. Madzi ophikira, ochapira ndi otawazira Swala isanakwane amachokera pa mjigo kapena pa mpopi, ndipo zonsezi zimafuna ndalama. Tsono funso limene amayi amafunsana ali pa mzere ndi zidebe zawo ndi lakuti, kodi mtengo umenewu amauika ndani, ndipo amawerengera chiyani?

M'mayiko ena khonsolo ya tauni ndiyo imakhala pansi n'kugamula mtengo wa madzi. Kuno kwathu sizili choncho. Lamulo la Waterworks Act la chaka cha 1995 linapereka ntchito ya madzi a m'matauni kwa mabungwe asanu: Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, ndi mabungwe atatu a zigawo, la Kumpoto, la Pakati ndi la Kum'mwera. Pa boma pa Ntcheu pali m'manja mwa Central Region Water Board, pomwe Balaka ndi Mangochi zili m'manja mwa Southern Region Water Board. Bungwe likafuna kukweza mtengo limawerengera zimene limawononga, n'kukapempha chilolezo ku boma. Boma likavomera, mpamene mtengo watsopano umalengezedwa.

Chimene timalipira kwenikweni ndi ulendo wa madziwo kuchokera kumene ali kufika pa khomo pathu. Pali magetsi oyendetsera makina opopa, mankhwala a klorini, mapaipi, mamita, malipiro a antchito ndi ngongole zomangira matanki. Chitsanzo chodziwika ndi cha Blantyre, kumene madzi ambiri amapopedwa kuchokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera nawo mamita pafupifupi 800. Komanso zipangizo zambiri zimagulidwa kunja. Choncho pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapaipi ndi mankhwala zinakwera nthawi yomweyo. Nalonso boma lili ndi dzanja lake pa bilu: msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti umene unali pa madzi a m'mipopi unachotsedwa m'chaka cha 2022.

Mita imawerenga madzi m'makyubiki mita. Kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Mtengo wa nyumba za anthu umasiyana ndi wa masukulu, zipatala ndi malo a malonda, ndipo wa pa kiyosiki umaikidwa wotsika kuti osauka athe kutunga. Za madzi oipa a m'zimbudzi zogejemula, mapaipi ake ali m'mizinda ikuluikulu mokha, ndipo kwa zaka zambiri makhonsolo a mizindayo ndiwo ankawasamalira. Ku Manjawira, monga kumidzi kwathu konse, banja limakumba lokha chimbudzi chake.

Nanga kumudzi, kumene kulibe mita? Kumeneko khonsolo yaing'ono yoika mtengo ndife eni akefe. Mjigo uliwonse umayenera kukhala ndi komiti yake, ndipo mipopi ya m'midzi imayendetsedwa ndi mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, amene ambiri amangowatchula kuti WUA. Khonsolo ya boma, kudzera mu ofesi ya zamadzi, imalangiza ndi kuphunzitsa makomitiwa, koma msonkhano wa mudzi ndiwo umagwirizana kuti banja lililonse lizisonkha zingati pa mwezi.

Tiyerekeze kuti mjigo umodzi ukutumikira mabanja 50, ndipo agwirizana K500 pa mwezi. Onse akasonkha, msungichuma amalandira K25,000 pa mwezi, K300,000 pa chaka. Pamenepo payenera kuchoka ndalama za marabala ndi zitsulo zimene zimatha, za mmisiri wokonza mijigo, ndi zina zosunga kudikira tsiku limene mjigo udzawonongeke kwambiri. Koma akasonkha mabanja 20 okha, pa chaka pamapezeka K120,000 basi. Apa mpamene mjigo umafa n'kukhala miyezi osakonzedwa, amayi n'kubwerera kukafukula madzi mu mchenga wa mumtsinje. Tisaiwale kuti kolera imene inayamba ku Machinga mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja analira maliro ambiri.

Palinso mtengo wina umene suoneka pa risiti. Damu la Mpira, limene lili m'mapiri a ku Ntcheu ndipo limatumiza madzi m'mapaipi kumadera a kum'mwera kwa bomali mpaka ku Balaka, linaphwa m'chaka cha 2018. Mvula inachepa, komanso mitengo ya m'nkhalango ya Mvai, kumene madzi a damulo amachokera, inali itadulidwa kwambiri ndipo dothi linakokolokera m'damumo. Mipopi inauma, anthu n'kumagula madzi kwa ogulitsa a pa njinga. Amene anatsika ndi thumba la makala kuchokera m'phiri anakweza mtengo wa madzi kwa anzake a kuchigwa osadziwa.

Tsono abale ndi alongo, pamene mfumu yaitanitsa msonkhano wa pa mjigo, tisatumeko ana. Tipite tokha, abambo ndi amayi omwe, ndipo tifunse mwaulemu: chaka chatha zinasonkhedwa zingati, zinagula chiyani, zatsala zingati, ndipo zikusungidwa kuti? Tipemphe kuti kaundula aziwerengedwa poyera, ndi kuti nkhalamba ndi ana amasiye akhululukidwe pamaso pa onse, osati mwa mseri. Nawonso mzikiti, umene umatunga madzi ambiri tsiku Lachisanu, uzipereka gawo lake. Ndipo amene tili ndi mita m'tauni tiziiwerenga tokha mwezi uliwonse, n'kufananiza ndi zimene zalembedwa pa bilu tisanalipire.