Wochoka ku Mgodi Ayambira Pati Ntchito Yatsopano?

M'mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka pa bwalo la Francistown ku Botswana. Mwa anthu amene adafa pangoziyo, 74 adali Amalawi amene ankabwerera kwawo atatsiriza ntchito m'migodi ya ku Joni. Boma lidaletsa kulemba anthu opita kumigodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwizikwi adabwerera m'midzi mwawo atasenza masutikesi, mabulangete ndi mawailesi. Pa nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya South Africa. Kulemba anthu kudayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma kwa ochepa okha, ndipo kudalekeka mu 1988 chifukwa cha mkangano wokhudza kuyeza magazi a anthu ngati ali ndi HIV.

Amuna onsewo adakumana ndi funso limodzi atangotha kulonjerana ndi abale: kodi munthu amene manja ake adazolowera chitsulo choboolera mwala adya chiyani kumudzi? Funsoli silidathe. Lero likuvutitsa mnyamata wobwerako ku Joni, bambo wosiya mgodi wa malasha, ndi mayi amene watha zaka akuswa miyala m'mbali mwa msewu.

Ambiri amayamba ndi kuwerenga ndalama zimene abwera nazo. Koma choyamba kuyesedwa ndi chifuwa, pakuti mphamvu za m'mapapo ndizo zimasankhira munthu ntchito imene angaithe. Mwala umene muli golide ukamabooledwa umatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso. Fumbili likalowa m'mapapo silitulukanso. Limachititsa zipsera zimene zimalimbitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo matendawa madokotala amawatcha silicosis. Choopsa chake n'chakuti amabisala. Munthu angathe kuchoka kumgodi ali wojintcha, n'kudzayamba befu patapita zaka khumi kapena kuposerapo, akukwera kamtunda kamene kale ankakwera akuimba mluzu. Zipserazo zilibe mankhwala ozichotsa, ndiponso mapapo oterewa sachedwa kugwidwa ndi chifuwa chachikulu cha TB.

TB yokha ndi yochizika. Mankhwala ake amamwedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Munthu amene wakhosomola kwa milungu iwiri, amene akuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kulavula magazi, ayenera kukapereka makhololo kuchipatala msanga. Akafika asabise kuti adagwirapo ntchito kumgodi kapena pamiyala, ndipo atchule zaka zake, chifukwa mawu amenewa amathandiza dokotala kudziwa ngati nkofunika kujambula chifuwa.

Chifuwa chikadziwika, kusankha ntchito kumapepuka. Wa mapapo ofooka ndi bwino atalikirane ndi fumbi ndi utsi: kuswa miyala, kuwotcha njerwa kapena makala, ndi kukhala tsiku lonse m'chigayo. Ngakhale kabaza, amene achinyamata ambiri amathamangira poti njinga ndi yosavuta kupeza, amafuna mpweya wochuluka umene munthu wa befu alibe. Utelala, kukonza njinga ndi mawailesi, kuweta mbuzi ndi nkhuku, kulima dimba laling'ono pafupi ndi madzi, kapena kusunga okala, ndi ntchito zimene munthu angagwire akupumira. Fodya wosuta ndiye wofunika kumsiyiratu.

Pa nkhani ya ndalama m'pamene ambiri adapunthwa. Wobwera kuulendo amalandiridwa ngati mfumu. Achimwene afuna jekete, apongozi adandaula za denga, anzake a ubwana akudikira kumowa, ndipo kukana kumaoneka ngati kunyada. Pofika nyengo yobzala, thumba lapepuka ndipo ntchito yatsopano sidayambe. Amene zidawayendera bwino kawirikawiri ndi aja adakhala pansi ndi akazi awo sabata yoyamba, nagawa ndalama patatu: ya chakudya kufikira kukolola, ya mpamba, ndi ina yosakhudzidwa yodikira matenda. Si chamanyazi kufunsa mayi wa m'nyumba. Iye ndiye adatsala akulima ndi kugula zinthu pamsika zaka zonsezo, ndipo mitengo ya zinthu amaidziwa kuposa mwamuna wake.

Chovuta china ndi mtima. Bambo amene ankalamula gulu la anthu pansi pa nthaka zimamuwawa kukhala pa benchi ya telala wamng'ono kwa iye, akuphunzira kulowetsa ulusi m'singano. Komatu wogula makina osokera asanadziwe kudula nsalu amangowononga nsalu za eni ake, ndipo mbiri yoipa pamsika wa kumudzi sichedwa kufala. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi ingapo ya kuphunzira kwa mmisiri imaonetsa munthu ngati ntchitoyo akuikonda, ngati thupi likuilola, ndiponso ngati m'deralo muli anthu okwanira oifuna. Pamsika pamene pali kale atelala asanu, wachisanu ndi chimodzi adzangowodzera pakhonde. Ofuna maphunziro a ntchito zamanja okhala ndi satifiketi angafunse za bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ndipo ofuna mpamba wochepa angayambire ku banki m'khonde ya m'mudzi mwawo, m'malo mwa katapila.

Pali chinthu chinanso chimene chili m'masutikesi akale. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wakuti makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide apereke ndalama zokwana R5 biliyoni zolipira anthu amene adadwala silicosis kapena TB chifukwa cha ntchito, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti liyendetse malipirowo. Mgwirizanowu umakhudza amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, pamodzi ndi amasiye a amene adamwalira. Kulembetsa ndi kwaulere, choncho munthu woyenda m'midzi n'kumatolera ndalama kuti afulumizitse malipiro ndi wofunika kumchenjerera. Mapepala a kontrakiti, nambala ya kumgodi, chiphaso chakale ndi makadi a kuchipatala ndiwo umboni. Asungidwe m'pepala la pulasitiki, pamalo pouma, posafika chiswe.