Kaukonde kamene amayi akuvutika nako chinunu

"Achemwali, ndikamayenda zikumakhala ngati pali waya ukundibaya kunsiku." Anandinong'oneza choncho mayi wina wa kumpingo kwathu kuno ku Leeds, titatsala awiri kukhitchini tikutsuka mbale. Amadziwa kuti ndine namwino, komabe zinawatengera zaka kuti atsegule pakamwa. Ife tinakula tikuuzidwa kuti za kumusi sitiulula pagulu.

Mayiwa atabereka ana anayi, mkodzo unkangodontha akaseka kapena kukhosomola. Adokotala anawachita opaleshoni n'kuwaika kaukonde ka pulasitiki, kamene kuno amati mesh, kochirikiza njira ya mkodzo. Ena amawaika kaukonde kotere chiberekero kapena chikhodzodzo chikatsika. Kwa ambiri kamathandizadi. Koma kwa ena kamaboola mnofu n'kutulukira m'njira ya abambo, kapena kulowa m'chikhodzodzo, ndipo ululu wake umasokoneza ntchito ndi banja lomwe.

Chinandiwawa kwambiri ndi makalata awo a kuchipatala. Dokotala wina analemba "discomfort", wina "erosion", wina anati ndi nkhawa chabe. Vuto limodzi, mayina atatu. Madokotala akamalemba chonchi, ndani angawerengere kuti amayi ovulala ndi angati?

Ichi n'chifukwa chake mu 2011 mabungwe a IUGA ndi ICS anagwirizana njira imodzi yolembera mavutowa. Vuto lililonse limapatsidwa zizindikiro zitatu: mtundu wake, kuyambira 1 mpaka 7, nthawi imene laonekera, kuyambira T1, kutanthauza pa opaleshoni pomwepo kapena m'maola 48 oyamba, mpaka T4, patadutsa chaka, ndiponso malo ake m'thupi. Zimaoneka ngati nambala ya galimoto, koma dokotala wa ku Johannesburg ndi wa ku Boston akaziona amamva chimodzimodzi.

Njirayi inalipo, koma ambiri sankaigwiritsa ntchito, ndipo madandaulo a amayi ankangothera m'mafayilo. Zinatengera amayi eniake kuchita phokoso. Mu July 2018 England inaimitsa kaye kuika kaukonde ka mkodzo. Mu April 2019 bungwe la FDA ku America linaletsa kugulitsa maukonde oikidwa kudzera kumusi pochiza kutsika kwa ziwalo. Kenako mu July 2020 lipoti la Baroness Cumberlege linanena poyera kuti amayi sankamvedwa, ndipo linapempha kuti pakhale kaundula wa chilichonse choikidwa m'thupi la munthu.

Inu amene munachitidwa opaleshoni yotere, kaya kuno kaya ku Joni, funsani dzina la chomwe anakuikani, kampani yake ndi tsiku. Kuno ku Britain muli ndi ufulu woona fayilo yanu kwaulere, mutha kudandaula nokha ku MHRA kudzera pa Yellow Card, ndipo GP angakutumizeni ku zipatala za NHS zoona za mavuto a mesh. Zimenezi n'zofunikanso kwa ife amene timaganiza zodzapumira kumudzi: dokotala wa kwathu adzadalira pepala lomwe mwanyamula.

Mwezi wathawu ndinawaperekeza mayi aja. Adokotala atawayeza analemba 2B T4 S1: kaukonde katulukira pang'ono, kosaposa sentimita imodzi, kakupweteka, patadutsa chaka, pamalo pomwe anasoka. Tili m'basi analiyang'anitsitsa pepalalo n'kunena kuti, "Ndiye kuti sindimanama eti?" Tsopano akudikira tsiku lokakambirana zochotsa kaukondeko.