Fomu ya ku Koleji Mukaitumiza pa Intaneti Imapita Kuti?

Anzanga, makamaka inu a Fomu 4 amene mwayamba kuwerenga masiku kuti mayeso afike, taimani kaye pano pang'ono. Nkhani iyi siili pa silabasi, koma ikukudikirani zotsatira zikangotuluka. Ine ndidakali mu Fomu 3, koma ndinaiphunzirira kunyumba, tsiku limene ndalama ya soya ya amayi inatsala pang'ono kupita ndi mphepo.

Achemwali anga atakhoza MSCE anakwera kabaza kupita pa trading centre kukalemba fomu yofunsira malo ku koleji. Kwathu kulibe kompyuta, ndipo foni ya amayi ndi ya mabatani. Mnyamata wa pa kafe ya intaneti anawalandira bwino. Anawatsegulira imelo, n'kuwapangira yekha pasiwedi, kenako anasikana chiphaso cha unzika, pepala la zotsatira ndi kachithunzi, n'kutumiza. Ola silinakwane n'komwe. Achemwali anabwera akusekerera, ati zinthu masiku ano zaphweka.

Patapita miyezi ingapo foni ya amayi inalira. Anali bambo wa mawu aulemu kwambiri. Anatchula dzina lonse la achemwali, tsiku lawo lobadwa, mapointi awo, mudzi wathu ndi mfumu yake, mpaka makosi amene anasankha. Anati akuimba kuchokera ku koleji, mwana wasankhidwa, koma malo ogona atsala ochepa, ndiye amayi atumize ndalama pa foni dzuwa lisanalowe. Amayi anangomanga chitenje, ulendo wa kwa ejenti. Mwayi wake, anapeza potseka, ejentiyo ali ku maliro. M'mawa mwake tinafunsa aphunzitsi ena pano, ndipo anatiuza kuti koleji imalengeza mayina poyera, ndipo fizi imalipiridwa ku akaunti ya dzina la kolejiyo, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Amayi athu si opusa, ogula soya okuba pa sikelo amawadziwa. Anakhulupirira chifukwa bamboyo ankadziwa zinthu zimene iwo ankaganiza kuti a ku koleji okha ndi amene angadziwe. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsafunsa kuti zimene timalemba pa fomu zija zimapita kuti, amazisunga bwanji, ndipo amaziona ndani.

Poyamba, koleji imatenga zimene mumalemba nokha: dzina, tsiku lobadwa, boma lochokera, sukulu imene mwalembera mayeso, nambala ya mayeso, nambala ya foni, imelo, dzina la kholo kapena wokusungani. Imatenganso mapepala amene mumasikana. Izi aliyense amaziona. Koma pali zina zimene makina amalemba okha inu osauzidwa. Mukangotsegula tsamba la koleji, kompyuta ya kumeneko imalemba nthawi imene mwalowa, mtundu wa foni kapena kompyuta imene mukugwiritsa ntchito, ndi nambala yotchedwa IP address, imene ili ngati keyala ya chipangizo chanu pa intaneti. Imasiyanso mu foni mwanu timafayilo ting'onoting'ono totchedwa cookies, kuti ikukumbukireni mukachoka pa tsamba lina kupita pa lina. Popanda timeneti bwenzi mukulemba pasiwedi mobwerezabwereza ngati munthu woiwalaiwala.

Mukasankhidwa, fayilo yanu imayamba kunenepa. Mumalowa magiredi a semesita iliyonse, fizi imene mwalipira ndi imene mwatsala nayo, buku limene simunabweze ku laibulale, chipinda chimene mukugona, tsiku limene munapita ku kiliniki ya pa koleji, ngakhale mlandu ngati munaitanidwapo ku komiti yosungitsa mwambo. Pofika chaka chachinayi fayilo ija imakudziwani kuposa azakhali anu.

Ndiye mwina mukufunsa kuti zonsezi akufuna azitani. Zambiri zili ndi chifukwa chomveka. Ku mayunivesite a boma monga UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, kusankha ophunzira ochokera ku sekondale kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo sangakusankheni osaona magiredi amene a MANEB anakupatsani. Nambala ya chiphaso cha unzika, chija a NRB anayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017, imathandiza kusiyanitsa anthu a mayina ofanana. Taganizani a Chisomo Banda alipo angati m'dziko muno. Nambala ya kholo ndi ya tsiku limene mwadwala mwadzidzidzi. Funso la ulumali ndi loti wovutika kuyenda asapatsidwe chipinda chapamwamba, ndipo wosaona akonzeredwe mayeso a braille. Mukafunsira ngongole ku bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'makoleji, lija linakhazikitsidwa mu 2015, mumafotokozanso za umphawi wa pakhomo panu: ngati makolo alipo, amagwira ntchito yanji, ndani anakulipirirani fizi ku sekondale. Zimenezi ndi nkhani za m'nyumba, zoti munthu sungakonde kuti zimveke pa chigayo. Ndipo mukamaliza maphunziro, bwana amene akufuna kukulembani ntchito akhoza kufunsa koleji ngati digiri yanu ili yeniyeni.

Tsono katetezedwe kake. Ganizani za ofesi ya a hedi pano. Mafayilo athu ali mu kabati, kabatiyo ili ndi loko, kiyi ali ndi anthu owerengeka. Ku koleji kabati imeneyi ndi kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene imayaka usana ndi usiku, mwina pa koleji pomwepo, mwina ku kampani imene koleji yachita nayo pangano. Kusiyana kwake n'kwakuti kabati ya a hedi wakuba ayenera kubwera ndi miyendo yake, pomwe seva munthu akhoza kuigogoda ali kutsidya kwa nyanja. N'chifukwa chake maloko ake amakhala angapo.

Loko woyamba ali panjira. Keyala ya tsamba ikayamba ndi https, zimene mukutumiza zimasokonezedwa kaye kukhala zilembo zopanda tanthauzo, n'kukamasulidwa zikafika. Wozigwira pakati sangawerenge kanthu. Koma chenjerani, https ikungonena kuti envelopu yamatidwa, sikunena kuti wolandirayo ndi wachilungamo. Akuba nawonso amamata maenvelopu awo. Muziyang'ana keyala yonse chilembo ndi chilembo. Mayunivesite a boma ndatchula aja makeyala awo amathera ndi ac.mw, ndiye tsamba la dzina lofanana nawo koma lothera mwina, lobwera pa WhatsApp, lisakutengeni mtima.

Loko wachiwiri ndi pasiwedi. Apa pali chinthu chimene chinandidabwitsa. Makina opangidwa bwino sasunga pasiwedi yanu momwe munailembera. Amaipera ndi masamu n'kusunga ufa wake wokha. Mukalowanso amapera imene mwalembayo n'kuona ngati ufa wake ukufanana ndi uja. Ufa subwerera kukhala chimanga, choncho ngakhale wogwira ntchito ku ofesi ya makompyuta sangakuuzeni pasiwedi yanu. Mukaiwala amangokutumizirani njira yopangira ina ku imelo kapena ku foni yanu. Mwaona pamene pali nkhani? Amene wagwira imelo yanu wagwira zonse. Ndipo munthu woimba foni n'kumati ndi wa ku koleji, mumuuze pasiwedi kuti akukonzereni zinthu, ameneyo ndi wabodza basi, chifukwa koleji siifuna pasiwedi yanu kuti igwire ntchito yake.

Loko wachitatu ndi wa anthu a m'kati. Pa koleji yoyenda bwino si aliyense amaona zonse. Mphunzitsi amaona magiredi a phunziro lake, a ku akaunti amaona za fizi, anesi amaona za matenda. Makina amalembanso kuti wakutiwakuti anatsegula fayilo yakuti pa nthawi yakuti, kuti wina akasintha giredi mwachinyengo phazi lake lioneke. Amasunganso makope kwina, kuti seva ikapsa kapena ikawonongeka zaka zinayi za thukuta lanu zisapse nayo.

Sindikunena kuti maloko amenewa sathyoka ayi. Mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, Pulezidenti Lazarus Chakwera n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo? Ngati zinachitika kumeneko, koleji nayo ikhoza kugwidwa.

Apa ndi pamene lamulo limalowerera. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake. Mu 2016 kunabwera lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene mwa zina limaletsa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo. Kenako mu 2024 kunabwera Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mwachidule lamuloli likuti wotenga mbiri ya munthu anene chifukwa chake, atenge zokhazo zofunika pa chifukwacho, azisamale, ndipo asazisunge mpaka kalekale popanda chifukwa. Muli ndi ufulu wofunsa kuti akusunga zotani za inu, ndiponso wouza koleji ikonze ngati yalakwitsa dzina kapena tsiku lobadwa. Musachione chopepuka chimenechi, chilembo chimodzi cholakwika pa satifiketi chimayendetsa munthu m'maofesi mpaka nsapato kutha. Za umoyo, chipembedzo ndi zidindo za zala zimafuna chisamaliro choposa, ndipo mbiri ikabedwa bungwelo liyenera kukanena ku MACRA, osangokhala chete.

Makoleji ambiri amalemba zonsezi pa tsamba lotchedwa privacy policy, lija timangodina kuti tavomereza tisanawerenge. Kunena zoona, ine ndimaona kuti apa makoleji amatilakwira. Amalemba m'Chingerezi cha maloya, tizilembo ting'onoting'ono, pomwe wowerengayo bandulo ikumuthera ndipo kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu. Bwenzi atalemba ndime imodzi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, yoti ngakhale kholo limve. Komabe mukapeza mpata yang'anani zinthu ziwiri zokha: mbiri yanu amagawana ndi ndani, ndipo mukafuna kudandaula mupite ku ofesi iti.

Tibwerere kwa achemwali. Loweruka lotsatira tinapita limodzi pa kafe paja. Tinakhala pa kompyuta yomwe ija, ndipo sitinafufuze n'komwe. Poyera pomwepo panali foda yolembedwa kuti mafomu, m'kati mwake ziphaso, zotsatira ndi zithunzi za anthu ambirimbiri, za achemwali zili pomwepo. Imelo yawo inatseguka yokha osafunsa pasiwedi, chifukwa kompyuta inali itaisunga. Pa khoma panali kope lopachika pa msomali, momwe mnyamata uja ankalembamo mapasiwedi a makasitomala. Titamufunsa anati, "Asisi, ndimasungira inu nomwe, anthu amaiwala ndiye amadzandivutitsa." Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo sitinamuloze chala. Koma aliyense wolipira mphindi makumi atatu pa mpando umenewo akanatha kukopera foda yonse mu flash n'kumapita. Seva ya koleji ndi maloko ake atatu inalibe chochita pamenepo, katundu anatayikira pakhomo asanalowe m'nyumba.

Tinasintha pasiwedi ya imelo ndi ya fomu, achemwali akulemba okha mnyamatayo atayang'ana kumbali. Tinapeza kuti nambala yobwezeretsera imelo inali ya mnyamatayo, ndiye tinaichotsa n'kuikapo ya amayi. Tinafufuta mafayilo, n'kukafufutanso mu Recycle Bin, chifukwa chimene mwafufuta kamodzi chimangosamukira m'menemo. Tsamba la m'kope lija tinalidetsa ndi bolopeni. Pomaliza tinadina log out, chinthu chimene achemwali sanachite ulendo woyamba chifukwa panalibe anawauza.

Inu a Fomu 4, ambiri mudzalembera pa kafe kapena pa foni yobwereka, palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma imelo katseguleni nokha nthawi idakalipo, pasiwedi yake isakhale dzina lanu ndi chaka chobadwa, ndipo isafanane ndi ya Facebook. Wokuthandizani akafika pa pasiwedi, mupempheni kiyibodi mwaulemu. Kudzabweranso magulu a WhatsApp a anthu odikira mayina, momwe wina adzati tumizani chithunzi cha chiphaso ndi zotsatira tikuonereni ngati mwasankhidwa. Mndandanda ukatuluka umakhala poyera, dzina lanu mukhoza kuliona nokha.

Bambo uja anaimbanso patapita milungu iwiri, ulemu wake womwe uja, ati malo aja awasungirabe. Amayi anamuyankha kuti, "Zikomo bambo, tumizani kalata ya chidindo kudzera kwa a hedi, ndalama ndikapereka ku banki." Foni inaduka pomwepo, ndipo amayi anabwerera kukapeta soya wawo.